Za mdima wa masiku atatu ndi nyengo ya Adiventi: mawu a akatekisiti kwa akhristu a m'miphakati ku Mangochi

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. A mfumu, zikomo potibwereka bwalo lino. A tcheyamani, amayi, abambo, takulandirani. Achinyamata amene mwabisala kuseri kwa mtengo wa mangowo, sunthirani kuno, ine ndilibe chimkuzamawu. Wina awapatse agogo mpando, asakhale pa dothi lonyowalo.

Ndikudziwa kuti ambiri mwasiya khasu m'munda, choncho sindikusungani mpaka dzuwa kulowa. Koma nkhani yatisonkhanitsayi yakhala ikunong'onedwa m'makhonde, ndipo yayamba kuwononga zinthu. Bola tiyikambe poyera.

Nonse mwaumva uthenga uja ukuyenda pa WhatsApp. Amene mulibe foni munaumva ku chigayo, kapena pa mjigo, kapena ku doko pogula usipa. Mawu a mwamuna, akuyankhula ngati ali pa maliro, kumbuyo kukulira kanyimbo kochititsa nthumanzi. Akuti Khirisimasi isanafike kugwa mdima wa masiku atatu. Akuti magetsi sadzayaka, tochi sidzayaka, sola sidzayaka, idzayake ndi kandulo yodalitsidwa yokha. Akuti mdimawo ukadzatha, dziko latha. Ndipo akuti uthengawo muutumize kwa anthu khumi, mukapanda kutero tsoka lili pa inu. Uthenga utangofika, nayenso wamalonda wafika. Sindimutchula dzina, inunso musamutchule. Akuyenda ndi chikwama cha makandulo ndi timabotolo ta madzi, kandulo imodzi mtengo wa paketi yonse ya ku golosale.

Zikanathera pa makandulo, bwenzi tikungoseka. Koma mayi wina wa m'mphakati mwathu momwe muno wagulitsa thumba la feteleza wa makuponi, wagulitsa mbewu ya chimanga, mbuzi nayo yapita. Akuti ndibzaliranji poti sindidzakolola. Musatembenuke kuyang'anana, lero sanabwere. Ndipo musamuseke, chifukwa uthengawo anamutumizira ndi mmodzi wa ife takhala panofe. Kwinanso ndamva kuti ana awiri aletsedwa kupita kusukulu, mayeso a kumapeto kwa teremu ali pakhomo, ati azikhala m'nyumba kudikira mdima.

Ndiye mawu anga oyamba ndi awa, ndipo muwamva kangapo lero mpaka mutope nane. Tsiku limenelo palibe akulidziwa. Pitani mukabzale.

Si ine ndanena. Tsegulani Marko mutu 13 ndime 32. Yesu mwini wake akuti za tsikulo ndi ola lake palibe akudziwa, angelo akumwamba sadziwa, ngakhale Mwana, koma Atate okha. Tsopano tandiuzani, amayi. Chimene angelo sanauzidwe, chimene Yesu anati ndi cha Atate, chingakatulukire pa foni ya munthu amene ngakhale dzina lake sanalitchule? Ophunzira atamufunsanso atauka kwa akufa, pa Ntchito za Atumwi mutu 1 ndime 7, anawayankha kuti nthawi ndi nyengo si zawo kuzidziwa. Anzathu achisilamu, amene timamwa nawo mjigo umodzi, mukawafunsa akuuzani chimodzimodzi, kuti za tsiku la chiweruzo akudziwa ndi Mulungu yekha. Pa mfundo iyi tchalitchi ndi mzikiti sitisiyana.

Mdima wa masiku atatu m'Baibulo ulimo, inde. Uli pa Eksodo mutu 10, unagwa ku Ejipito nthawi ya Farao, ndipo unatha kalekale. Mpingo suphunzitsa kuti kukubwera mdima wina woti tiugulire makandulo. Ndiponso dalitso siligulitsidwa. Mukafuna kandulo yodalitsidwa, gulani yanu ku golosale, bambo mfumu akabwera adzakudalitsirani ulere. Munthu wina dzina lake Simoni, pa Ntchito mutu 8, anatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu, Petro anamuuza kuti ndalama zakezo ziwonongeke naye pamodzi. Wogulitsa dalitso ndi wogula, onse akusewera pa malo oopsa.

Chimene wachita munthu ameneyu n'kutibera nyengo yathu. Wamva kuti m'tchalitchi tikuwerenga za kubweranso kwa Ambuye, waona kuti mitima yafewa, ndiye walowerapo. Choncho ndikufuna tikumbutsane kuti Adiventi ndi chiyani, chifukwa ena timangoona kuti bambo mfumu asintha chovala, n'kumayesa kuti chobiriwira chija chili kochapa.

Adiventi ndi masabata anayi okonzekera Khirisimasi, ndipo ndi pamene chaka cha Mpingo chimayambira. Imayamba Lamulungu limene layandikana ndi pa 30 Novembala, tsiku la Andreya woyera, kotero siyamba pa 27 Novembala pasanafike, ndipo sichedwa kupitirira pa 3 Disembala. Chovala cha pa Misa chimakhala cha pepo, monga pa Lenti. Nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu kumwamba timaisunga, sitiimba Lamulungu lililonse la nyengoyi, kuti tidzaimbe ndi pakhosi ponse usiku wa Khirisimasi. A kwaya, si kuti takuiwalani ayi. Nyengoyi ili ndi mbali ziwiri. Kuyambira pachiyambi mpaka pa 16 Disembala maso athu amakhala pa kubweranso kwa Yesu mu ulemerero. Kuchokera pa 17 mpaka pa 24 timatembenukira ku Betelehemu, kwa Maria ndi Yosefe. Lamulungu lachitatu ndi la chimwemwe, ndipo kumene chilipo, wansembe amavala chovala cha pinki. Tamvani bwino pamenepo. Pakatikati pa nyengo imene tikuwerenga za kutha kwa dziko, Mpingo unaikapo Lamulungu loti kondwerani. Wa pa WhatsApp uja zimenezi sanakuuzeni.

Mwambowu ndi wakale. M'chaka cha 380, maepiskopi atasonkhana ku Saragossa, dziko la Spain, analamula kuti kuyambira pa 17 Disembala mpaka pa 6 Januwale akhristu asamajombe kutchalitchi. Patapita zaka ngati 100, episkopi wa ku Tours, ku France, dzina lake Perpetuus, anakhazikitsa kusala kudya masiku atatu pa sabata kuyambira pa 11 Novembala mpaka Khirisimasi. Pang'ono ndi pang'ono ku Roma anafika pa masabata anayi amene tikutsatirawa.

Kwa azungu kumeneko nyengo imeneyi ndi ya chisanu choopsa. Mitengo imayoyoka masamba, m'munda mulibe chomera, ndipo cha pa 21 Disembala ndi pamene usana umafupika koposa. Mu mzinda wa Hamburg ku Germany, pofika 4 koloko masana dzuwa limakhala likulowa. N'chifukwa chake mapemphero ndi nyimbo zambiri za Adiventi zimanena za kuwala kobwera mu mdima. Nkhata ya masamba yokhala ndi makandulo anayi imene achinyamata amaika kutsogolo kwa guwa inachokera komweko. M'chaka cha 1839 m'busa wa mpingo wa Lutheran, Johann Hinrich Wichern, ankasamala ana osauka mu mzinda womwewo wa Hamburg. Anawo ankamuvutitsa tsiku ndi tsiku, Khirisimasi ifika liti, ifika liti. Iye anatenga gudumu la ngolo n'kuzikapo makandulo, akuluakulu anayi a masiku a Lamulungu ndi ang'onoang'ono a masiku a pakati pa sabata, ana n'kumayatsa imodzi tsiku lililonse. Taonani kusiyana kwake. Kandulo ya Adiventi anaiyambitsa kuti ana aziwerenga masiku mokondwa. Kandulo ya m'chikwama ija akuigulitsa kuti akuluakulu azinjenjemera.

Ife kuno chisanu chathu chinapita ndi mwera mu Julaye. Disembala wa ku Mangochi ndi thukuta, udzudzu, mango ndi matope. Pofika 5 koloko m'mawa kunja kwayera kale. Choncho ife kudikira timakudziwira kwina. Timakudziwira pa kuyang'ana mitambo ya ku Namwera, ndi pa nkhokwe imene yayamba kuoneka pansi pomwe chimanga chatsopano chili m'mawondo. Yakobo, pa mutu 5 ndime 7, analemba ngati anakhalako kuno. Akuti pirirani mpaka Ambuye adzabwere, onani mlimi mmene amadikirira zipatso za m'nthaka, kudikira mvula yoyamba ndi yomaliza. Mlimi amene Yakobo akumunenayo mbewu yake ili m'dothi. Sanaigulitse.

Asodzi muli pano mundichitire umboni. Miyezi ino a zausodzi amatseka nyanja kuti chambo chiswane. Msodzi wanzeru nthawi imeneyi sagulitsa khoka lake ati poti nyanja yatsekedwa. Amaliyala pa mchenga n'kumasoka mong'ambika, amamata bwato pothonya, injini amaipititsa kwa amakaniko. Tsiku lotsegulira likafika, iye amangokankha bwato. Wopusa amathera miyeziyo pa bawo ndi pa kachasu, anzake akulowa m'madzi iye ndi pamene akufunafuna ulusi. Adiventi ndi yotero. Ndi nthawi yosoka mong'ambika m'moyo mwathu.

Ndibwerezenso. Tsiku palibe akulidziwa. Amene wakuuzani tsiku, yang'anani dzanja lake, mupeza latambasukira ku thumba lanu.

Ndipo musaganize kuti zimenezi zimathera pa mbuzi imodzi. Achikulire mukukumbukira chaka cha 2000, mmene anthu ankanenera kuti dziko litha usiku wa pa 31 Disembala 1999. Kuno tinadzuka bwinobwino n'kupita kukapalira. Koma ku Uganda, pa malo otchedwa Kanungu, kunali gulu limene atsogoleri ake anauza anthu tsiku lomwelo. Anthu anagulitsa minda, ziweto ndi nyumba n'kupereka ndalama kwa atsogoleriwo. Tsiku litadutsa, ena anayamba kufunsa za katundu wawo. Atsogoleri anatchula tsiku lina. Pa 17 Malichi 2000 anthu anasonkhanitsidwa m'nyumba yopemphereramo, zitseko ndi mazenera zitakhomedwa, moto n'kuyaka. Anthu oposa 500 anapsera momwemo, ana ali m'gulu, ndipo mitembo ina inapezeka m'maenje pa malo ena a gululo, onse pamodzi kupitirira 700. Ena mwa atsogoleriwo anali atakhalapo ansembe a Katolika, choncho tisanene kuti izi ndi za mipingo ina. Posachedwapa, mu 2023, ku Kenya m'nkhalango ya Shakahola, pafupi ndi Malindi wa kumeneko, osati Malindi wathu wa kutsidyayu, anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu amene anauzidwa kuti asale kudya mpaka kufa kuti akakumane ndi Yesu. Onsewo sanali zitsiru. Anali anthu ngati ife, okonda Mulungu, otopa ndi mavuto. Zinayamba ndi mantha ndi munthu mmodzi wonena kuti ine ndauzidwa.

(Bambo wina wachikulire aimirira kumbuyo, chipewa chili m'manja.)

"Akatekisiti, pepani ndikuduleni. Inu mukuti tisaope. Koma ife Freddy tinamuona. Kolera inatenga anthu m'mphepete mwa nyanja muno, ine ndinaika mdzukulu. Nyanja inasefukira mpaka kulowa m'nyumba. Chimanga mtengo wake simungaukhulupirire, pa wailesi nkhondo zokhazokha. Kodi Yesu sananene kuti zimenezi ndi zizindikiro? Nanga ife tikaona zizindikiro tizingoti palibe kanthu?"

Zikomo bambo, khalani pansi. Funso limeneli lili m'mitima ya anthu ambiri pano, inu mwangolimba mtima kulitulutsa. Ndipo za mdzukulu wanu tonse tinali nanu pa manda paja, sitinaiwale.

Sindikuuzani kuti palibe kanthu. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anatenga anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ambiri a ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, ena mpaka lero mitembo yawo sinapezeke. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700, ndipo boma lathu la Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Zimenezo ndi zoona, ndipo munthu wozichepetsa alibe chisoni. Yesu ananenadi za nkhondo, njala ndi zivomezi. Koma bambo, tiyeni tiwerenge mpaka pamene chiganizo chathera. Mateyo 24, ndime 6. Akuti mudzamva za nkhondo ndi mbiri za nkhondo, koma musadere nkhawa, zimenezi ziyenera kuchitika, chimaliziro sichinafike. Pa ndime 8 akuti zonsezi n'chiyambi chabe cha zowawa, ngati za mayi pobereka. Ndipo asanatchule n'komwe nkhondo, pa ndime 4, mawu ake oyamba ndi akuti chenjerani, wina asakusocheretseni. Ndiye kuti Yesu anadziwiratu kuti mavuto akachuluka, onyenga nawo amachuluka. Chizindikiro choyamba chimene anatichenjeza nacho si namondwe. Ndi munthu wa chikwama uja.

Tsono taganizani za makolo athu pa dothi lomwe lino. Kunali nthawi imene anthu ankagwidwa m'midzi, kumangidwa magoli m'khosi, kuwolotsedwa pa Shire pano n'kuyendetsedwa ulendo wa kunyanja yamchere kukagulitsidwa. Mayi amene mwana wake anatengedwa tsiku limenelo, mukuganiza sanati dziko latha? Kunabwera chimfine cha 1918. Kunabwera njala ya 1949, imene agogo ali apawa angatisimbire. Ya 2002 ambiri tinaiona ndi maso, anthu akudya gaga ndi mizu. Zaka za m'ma 1990 Edzi inatilowa, mlungu sunkatha popanda maliro. M'badwo uliwonse unali ndi chifukwa chonenera kuti basi, ndi pano. Akanaleka kubzala nthawi imeneyo, inu ndi ine sitikanabadwa.

Ngakhale akhristu oyamba anagwa m'mbuna yomweyi. Ku Tesalonika ena anamva kuti tsiku la Ambuye lafika kale. Paulo anawalembera kalata yachiwiri, pa mutu 2 akuti musagwedezeke msanga, ngakhale wina abwere ndi uneneri, ndi mawu, kapena ndi kalata yonamizira kuti yachokera kwa ife. Mukuona? Mauthenga abodza oyenda m'manja analipo foni zisanabwere. Ndipo poti ena anali atasiya ntchito n'kumangoyendayenda m'makomo mwa anzawo, pa mutu 3 ndime 10 anawauza mosapsatira kuti wosafuna kugwira ntchito asadyenso.

Koma amene ndimamukonda ine pa nkhani imeneyi ndi Yeremiya, mutu 32. Mukafika kunyumba, wodziwa kuwerenga awerengere anzake. Mzinda wa Yerusalemu wazingidwa ndi asilikali a Nebukadinezara, mfumu ya ku Babiloni. Yeremiya mwini wake ali m'ndende, m'bwalo la alonda a mfumu Zedekiya. Iye yemwe ndi amene wakhala akulalika kuti mzindawu ugwa, ndipo unagwadi, cha m'ma 587 Yesu asanabadwe. Nthawi ngati imeneyo kukubwera mbale wake Hanamele, mwana wa Salumu, akuti gula munda wanga wa ku Anatoti. Tangoganizani, a mfumu, munthu kukugulitsani munda umene adani amangapo misasa. Yeremiya anagula. Anayeza masekeli 17 a siliva, analemba kalata ya umboni pamaso pa mboni, n'kuuza mlembi wake Baruki kuti makalatawo awaike mu mtsuko kuti akhalitse. Chifukwa chake? Mulungu anati m'dziko lino anthu adzagulanso nyumba, minda ndi minda yamphesa. Chiyembekezo cha m'Baibulo ndi chimenecho, bambo. Munthu amene akudziwa bwino lomwe kuti zinthu zaipa, koma akugula munda, chifukwa Mulungu walonjeza kuti mawa liliko.

Chitsanzo china chili pakhomo pathu pompa. Ansembe oyamba a Katolika kufika m'dziko muno, a White Fathers, anafikira kwa Mponda, pa 28 Disembala 1889, patangopita masiku atatu chichitikire Khirisimasi. Anatsegula kasukulu, ankapereka mankhwala, malungo akuwasautsa. Mu 1891 ananyamuka kupita ku Mambwe, dziko limene lero ndi Zambia, osasiya mpingo pano. Woona ndi maso akanati ntchito yapita pachabe. Patapita zaka 10, mu 1901, a Montfort anafika ku Nzama ku Ntcheu. Mu 1973 Mangochi inakhala dayosizi payokha, episkopi wake woyamba Ambuye Alessandro Assolari. Lero ndi ife tadzaza bwalo lino. Amene anafika kwa Mponda aja sanatione. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nthawi zina amadzaona ndi adzukulu.

Pali chimodzi chimene ndikugwirizana nanu kwathunthu, bambo. Tsiku la dziko lonse sitilidziwa, koma tsiku langa ndi lanu likhoza kukhala usiku uno. Inu mwakhala pa nyanja zaka zambiri, mukudziwa anzanu amene analowa madzulo nyali zikuyaka, mphepo n'kutembenuka, osabwerako. Chakudza sichiimba ng'oma. Ndiye Yesu akamati khalani maso, sakunena kuti muziwerenga masiku pa kalendala. Akunena kuti akupezeni muli pa ntchito imene anakusiyirani, mulibe chidani ndi mbale wanu, mulibe cha mwini m'nyumba mwanu. Ndakuyankhani, bambo? Mwagwedeza mutu pang'ono chabe, chabwino, tikatha pano tidzapitiriza awiri.

Tsono ndikudzudzuleniko pang'ono, poti ndinu anga. Ife mdima wa masiku atatu tikuuopa, koma mdima umene tili nawo m'nyumba chaka chonse sitiuopa. Pali apongozi ndi mkamwini pano amene sanapatsane moni chichokere Pasaka, nkhani yake malire a munda, mzere umodzi wa chinangwa. Onse awiri amalandira Ukaristia. Pali amene munatenga ndalama ku banki m'khonde, anzanu akufuna kugawana mwezi uno, inu mukaona msungichuma mumakhotera ku chimbudzi. Amayi mukuseka, mukuwadziwa eti? Anthu atapita kwa Yohane Mbatizi kukafunsa kuti tichite chiyani, pa Luka mutu 3, sanawagulitse kanthu. Anati amene ali ndi malaya awiri apatseko amene alibe, amene ali ndi chakudya achite chimodzimodzi. Okhometsa msonkho anawauza kuti asalipiritse mopitirira. Asilikali anawauza kuti asalande za anthu, akhutire ndi malipiro awo. Akanabwera pa msika wa Mangochi akanatiuza za chitini chobenthuka pansi chimene timayezera usipa, ndi mulu wa tomato woika zowola pansi.

Ndipo inu anyamata ochokera ku Joni, tamva kuti mabasi ayamba kufika, takulandirani. Koma chaka chilichonse timaona zomwezomwezo. Sabata yoyamba wailesi mpaka mbandakucha, mowa kugulira mudzi wonse. Pofika Januwale foni ili pa chikole, mwana akubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, mkazi akukagwira ganyu kuti apeze ufa. Mayi amene wakudikirani zaka ziwiri sakufuna phokoso, akufuna malata ndi feteleza wachiwiri. Amayi nanunso, katapila wogulira chitenje ndi mpunga wa tsiku limodzi adzakulizani mwezi wa Febuluwale, nthawi imene njala imaluma zenizeni. Mwana amene tikumudikirayu anagonekedwa modyera ziweto. Sadzakhumudwa mukamulandira ndi nsima ya utaka.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana kumwamba, ndipo mtambo uwo ukubweradi kuno. Ana nawo atopa. Ndithamange, gwirani izi.

Mawa m'mawa aliyense kumunda. Amene simunabzale, bzalani, mvula sikudikirani. Amene munabzala, palirani. Ana onse kusukulu, akalembe mayeso. Uthenga uja fufutani, musautumizenso, ndipo wokutumizirani muyankheni ndi Marko 13 ndime 32, basi. Wa makandulo akafika pakhomo panu, mukanene kwa a mfumu kapena kwa a tcheyamani, osamumenya ayi, ndamva kale ena akukonza zimenezo. Tsiku palibe akulidziwa, musagule kanthu.

Za mayi uja, Lachitatu mamawa mphakati wonse ndi makasu. Amene muli ndi mbewu yotsala, kaya ndi ya m'mbale imodzi, mubwere nayo kwa amayi a bungwe. Popita kumeneko palibe kumufunsa mafunso.

Madzulo aliwonse banja likhale pamodzi, ngakhale mphindi khumi. Uthenga wa Luka uli ndi mitu 24, mukamawerenga mutu umodzi pa tsiku kuyambira pa 1 Disembala mumamaliza usiku wa Khirisimasi. Amene mwachedwa, werengani iwiri iwiri mupeze anzanu. Amene muli ndi mangawa, kabwezeni, kapena pitani mukapepese n'kupangana tsiku. Amene simuyankhulana, wamng'ono ayambe, wamkulu asavute. Banja lililonse lisunge kambale ka ufa ka odwala ndi okalamba, a komiti adzayenda kutolera sabata yomaliza. Madzi akumwa muzithira mankhwala kapena kuwiritsa, mvula yayamba, kolera ija isatipezenso tikuyang'ana kumwamba.

Kulapa, bambo mfumu adzabwera Loweruka lisanafike Lamulungu lachinayi, kuyambira 8 koloko. Musadzabwere nonse nthawi ya nkhomaliro ngati chaka chatha. Makolo a ana obatizidwa pa Khirisimasi, maphunziro ndi Lachisanu, abambo nawonso, osangotumiza amayi okha. A kwaya mutsale pang'ono. Yayamba kudontha, achinyamata nyamulani mabenchi mulowetse m'kalasimo, wina awagwire dzanja agogo. A tcheyamani, pemphero lalifupi.